Nkhanza Pamene Banja Likutha: Zimene Midzi ya Fodya ku Kasungu Ikutiphunzitsa

Mkazi womenyedwa akalongedza zovala zake n'kubwerera kwawo, mitima ya anansi imakhala pansi poganiza kuti wapulumuka. Kafukufuku wa m'maiko ambiri akusonyeza kuti nthawi zambiri ngozi imakhala itangoyamba kumene. Masabata amene banja likugwedezeka, tsiku limene mmodzi wanena kuti "ine ndatopa, ndikupita kwathu," ndiponso miyezi yoyamba anthu atapatukana, ndiyo nthawi imene ambiri amavulazidwa koopsa, ena mpaka kuphedwa. M'boma la Kasungu nkhaniyi ili ndi mbali zakezake, chifukwa kumeneko ukwati walukanalukana ndi munda wa fodya, ngongole ya feteleza, komanso ndalama zimene zimabwera kamodzi pachaka m'dzina la munthu mmodzi.

Nkhanza zake ndi zotani

Lamulo la Prevention of Domestic Violence Act, lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2006, silinena za kumenya kokha. Limatchulanso kukakamiza zogonana, kuzunza munthu m'maganizo pomunyoza ndi kumuopseza, ndiponso kumuzunza pa chuma, monga kumumana ndalama za pakhomo kapena kumulanda katundu. Limateteza mkazi ndi mwamuna yemwe, kuphatikizapo anthu amene anaberekerana mwana ngakhale sakukhala nyumba imodzi.

Kutha kwa banja nako si nkhani ya tsiku limodzi. Kumayamba ndi kusalankhulana, nsima kubwerera yosakhudzidwa, wina kuyala mkeka pabalaza. Kenako nkhani imapita kwa ankhoswe, mwina kangapo. Mkazi amanyanyala n'kupita kwa amayi ake, mwamuna amamulondola, mkazi amabwerera, amachokanso. Zikakanika, nkhani imafika kwa anyakwawa kapena kwa agulupu, ndipo pomaliza ku khoti la majisitireti. Ulendowu ukhoza kutenga chaka kapena kuposerapo.

Pa ulendo umenewu nkhanza zimaoneka m'njira zitatu. Yoyamba ndi ya nkhanza zakale zimene zimakula: amene ankamenya ndi mbama amayamba kutenga chikwanje. Yachiwiri ndi ya nkhanza zimene zimayamba pa nthawi yopatukanayo, m'banja limene kale munalibe ndewu. Yachitatu ndi ya nkhanza zimene zimatsatira munthu atachoka kale: kumulanda ana, kukana kupereka chithandizo, kugulitsa chimanga cha m'nkhokwe mobisa, kumudikirira panjira ya ku chigayo, kapena kufalitsa zithunzi zake pa WhatsApp ndi pa Facebook. Amuna nawo amachitiridwa nkhanza. Ena amathiridwa madzi otentha, ena amathamangitsidwa kuchikamwini chimanjamanja atamanga nyumba ya malata. Komabe amene amavulala kwambiri ndi kuphedwa pa nthawi imeneyi, ku Malawi kuno ndi kwina konse, ambiri ndi amayi.

Kuchoka kuchikamwini kupita kuchitengwa

Ukwati wa Achewa kuyambira kale uli m'manja mwa ankhoswe. Pa mwambo wa chikamwini, mwamuna ankamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, ankalima munda wa kuchikazi, ndipo ana anali a mbumba ya amalume awo. Sikuti nkhanza kunalibe, koma mwamuna wofuna kukweza dzanja ankadziwa kuti alamu ake ali pafupi ndipo kulira akumva. Banja likatha, wonyamula nkhwangwa ndi bulangete n'kumapita anali mwamunayo. Munda, nkhokwe ndi ana zinkatsala.

Katswiri wa mbiri yakale Kings Phiri analemba mu 1983 kuti dongosolo limeneli linayamba kusintha m'zaka za m'ma 1800, chifukwa cha malonda a akapolo, kubwera kwa Angoni, ziphunzitso za amishoni, maulendo okagwira ntchito kunja ndi mbewu zogulitsa. Chitengwa, pomwe mwamuna amapempha kutenga mkazi kupita naye kwawo, chinayamba kuchuluka.

Fodya anafulumizitsa kusinthaku. M'zaka za m'ma 1920 azungu awiri, Barron ndi Wallace, anayambitsa ulimi wa fodya wa matenanti kufupi ndi Lilongwe. M'zaka za m'ma 1970, mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe kwawo kunali ku Kasungu komweko, maesiteti akuluakulu monga a Press Farming ndi General Farming anadzaza chidikha cha Kasungu. M'zaka za m'ma 1980 minda yambiri ya makolo inasandutsidwa maesiteti ang'onoang'ono a lizi, ndipo ambiri analembetsedwa m'maina a amuna. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale kudzera m'makalabu. Mwamuna amene akufuna kumanga chigafa ndi kutenga ngongole safuna kutero pa malo a eni, pomwe tsiku lina angauzidwe kuti anyamuke. Choncho amakonda kutengera mkazi kwawo.

Lero m'boma limodzi lomweli muli amayi a m'magulu atatu amene banja likatha amakumana ndi zosiyana. Wa chikamwini ali pakati pa abale ake. Wa chitengwa, limodzi ndi wa malowolo wa kumpoto kwa bomali, m'madera a mafumu monga Kaluluma ndi Simlemba, amachoka kusiya munda ndi nyumba, ndipo wa malowolo amadziwa kuti ana akhoza kutsala kuchimuna. Wachitatu ndi mkazi wa tenanti, wochokera kutali, kawirikawiri ku maboma othithikana a kummwera monga Mulanje ndi Thyolo. Amene amalembedwa ndi bwana ndi mwamuna wake. Phoso limatengedwa pa ngongole, nyumba ya udzu ndi ya mwini esiteti, nkhoswe ili mtunda wa tsiku lonse pa basi, ndipo ndalama ya basiyo alibe. Lamulo la za ntchito litasinthidwa mu 2021 linathetsa utenanti, koma mchitidwewu sunatheretu m'minda.

Zimene malamulo amanena

Malamulo aakulu a dziko a 1994, pa gawo 24, amati banja likatha mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, komanso chithandizo choyenera. Lamulo la 2006 linabwera pambuyo pa khama la mabungwe monga Women and Law in Southern Africa, ndipo linkakambidwa dziko litagwedezeka ndi nkhani ya mayi wa ku Dowa, boma loyandikana ndi Kasungu, amene mwamuna wake anamudula manja onse awiri.

Lamulo limeneli linapatsa makhoti zida zitatu. Choyamba ndi chiletso choteteza, chomwe chimaletsa wankhanza kumenya, kuopseza kapena kuyandikira wodandaula. Chachiwiri ndi chilolezo choti wodandaula akhale m'nyumba ya banja, wankhanzayo ndiye atuluke. Chachitatu ndi chofanana nacho, koma chokhudza nyumba ya lendi. Ngozi ikakhala pafupi, khoti likhoza kupereka chiletso chongoyembekezera lisanamve mbali inayo. Mfundo imene anthu ambiri saidziwa ndi yakuti munthu safunika kuthetsa banja kaye kuti apemphe chiletso.

Mu 2015 kunabwera lamulo la Marriage, Divorce and Family Relations Act. Limazindikira ukwati wa kwa DC, wa chikhalidwe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndiponso wa anthu amene angokhala limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera zisanu. Limalola kuthetsa banja ngati lasokonekera kufika poti silingakonzekenso. Pogawa katundu, khoti liyenera kuona zimene aliyense anaikapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Limanenanso kuti mwamuna wogona ndi mkazi wake mokakamiza pa nthawi imene khoti lawapatula walakwa mlandu wogwirira. Za ana, lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limaika patsogolo ubwino wa mwana, ndipo limapereka udindo womusamalira kwa makolo onse awiri, kaya ukwati unali wa chikamwini kapena wa malowolo. Kuzunza munthu pa foni ndi pa intaneti kunaletsedwa ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act.

Kalendala ya fodya ndi kalendala ya mikangano

Fodya ndi mbewu ya chaka chathunthu. Nazale amafesa cha mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo kuthirira ndi kwa m'mawa ndi madzulo. Mvula yoyamba ikagwa kumabwera kuwokera, kupalira, kubandira ndi kuthira feteleza. Kuyambira mu Januwale ndi kuthyola, kusoka masamba ndi kuwapachika m'chigafa. Mayi amakhala pansi pa chigafa mwana ali kumbuyo, zala zitada ndi utomoni wa fodya umene suchoka ndi madzi okha, akusoka mpaka kuda. Kenako ndi kusankha masamba ndi kudinda mabelo ndi jeke. Ntchito yambiri yodya nthawi imagwiridwa ndi amayi ndi ana.

Ndalama zimayenda njira ina. Chiphaso cholimira, kontirakiti ya kampani ndi akaunti ya ku banki kawirikawiri zimakhala m'dzina la mwamuna. Msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo amapita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Akadula ngongole ya feteleza, mtengo wa galimoto ndi zina zolipira, zotsalazo zimalowa mu akaunti ija. Pepala la malonda amalitenga ndi mwamuna, ndipo nthawi zambiri wodziwa kuliwerenga ndi iye yekha.

Dongosolo limeneli limabala nyengo ziwiri zovuta. Yoyamba ndi ya Januwale ndi Febuluwale, pomwe ntchito ya m'munda yafika pachimake koma nkhokwe yauma. Mikangano imakhala ya ufa, ya ganyu, ya katapila ndi ya kugulitsa fodya mozemba kwa mavenda. Yachiwiri ndi ya msika. Amuna ena amalandira ndalama n'kuzimiririka pa malo ochitira malonda kwa masiku angapo, ena amabwera ndi nkhani ya mkazi wachiwiri. Ena sanadye ndalama konse, koma fodya wawo wagulidwa motsika kapena wabwezedwa, ndipo akuchita manyazi kunena kuti thukuta la chaka chonse lathera ku ngongole. Onsewa funso limene amakumana nalo pakhomo ndi limodzi: "Ndalama za fodya zili kuti?"

Apa ndi pamene mayi amene akufuna kuchoka amakhala pamphanda. Akachoka mu Febuluwale, wasiya m'chigafa ntchito ya manja ake ya miyezi isanu ndi umodzi. Akadikira msika, ndiye kuti nkhani ya kuchoka ndi nkhani ya kugawana ndalama zidzagwera tsiku limodzi, pa nthawi imenenso mowa wachuluka m'dera. N'chifukwa chake funso lakuti "bwanji sakungochoka?" silithandiza. Ambiri amakhala akuwerengera mabelo, fizi ya ana ndi kumene akalime chaka chamawa.

Chifukwa chake kupatukana kuli koopsa

Ofufuza amatchula zifukwa zingapo zimene zimalowana.

Chachikulu ndi ulamuliro. M'mabanja ambiri a nkhanza, kumenya ndi chida chimodzi chabe. Cholinga ndi kulamulira kumene mkazi akupita, amene akulankhula naye, foni yake ndi ndalama yake. Evan Stark wa ku America anafotokoza zimenezi m'buku lake la 2007. Mkazi akanena kuti akuchoka, ulamuliro wonse umagwa nthawi imodzi, ndipo wolamulirayo amayesa kuubweza ndi mphamvu zochuluka kuposa kale. Gulu la Jacquelyn Campbell linafufuza za amayi ophedwa ndi amuna awo m'mizinda 11 ya ku America, ndipo mu 2003 linalengeza kuti chiopsezo cha kuphedwa chimakwera pafupifupi kasanu ndi kanayi mkazi akapatukana ndi mwamuna wokonda kulamulira kwambiri. Kafukufuku wina wa gulu lomwelo anasonyeza kuti mkazi amene anakanyangidwapo pakhosi ali pa chiopsezo chachikulu kwambiri chodzaphedwa.

Chachiwiri ndi nsanje yosakanikirana ndi maganizo oona mkazi ngati katundu. Mawu akuti "ngati si ine, palibenso wina adzakukwatire" amamveka m'midzi yambiri, ndipo anthu amawatenga ngati mkwiyo chabe. Mphekesera yoti mkazi wopatukana wapeza mwamuna wina, kaya ndi yoona kapena ayi, ndi imodzi mwa zinthu zimene zimaputa chiwembu.

Chachitatu ndi chuma. Mkazi akachoka, mlimi wa fodya wataya wothirira nazale, wosoka, wophikira aganyu. Akuopanso kuti khoti limulamula kugawa njinga yamoto, ng'ombe kapena malata, ngakhale kumanga nyumba kwawo kwa mkazi monga mwambo wa Achewa umafunira. Kuopseza kumakhala njira yomuchititsa mkazi kusiya mlandu.

Chachinayi ndi manyazi. Mwamuna amene "mkazi wamuthawa" amasekedwa pa bawo ndi pamowa. Mowa pawokha subala nkhanza, poti ambiri amamwa osamenya munthu, koma umachotsa mantha ndipo umakulitsa zilonda. Apolisi a ku Malawi akhala akulengeza kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna, ndipo mavuto a m'banja ndi ngongole amatchulidwa kawirikawiri. Mwamuna amene akunena kuti adzipha mkazi akachoka akufunika chithandizo mwachangu, koma mawu omwewo ndi chenjezo pa moyo wa mkazi ndi ana.

Zimene ziwerengero zikunena

Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016, wochitidwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba, anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, pomenyedwa, pokakamizidwa zogonana kapena pozunzidwa m'maganizo. Amayi 34 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali atamenyedwapo chikwanitsireni zaka 15. Pafupifupi theka la ochitiridwa nkhanza sanapemphe chithandizo kapena kuuza munthu aliyense, ndipo amene anapempha, ambiri anapita kwa abale awo osati kupolisi. Izi zikutanthauza kuti mabuku a polisi amaonetsa kachigawo kochepa chabe, ndiponso kuti munthu woyamba kumva dandaulo amakhala mayi, mlongo kapena nkhoswe.

Bungwe la World Health Organization limati pa dziko lonse mayi mmodzi mwa atatu alionse anachitiridwapo nkhanza za kumenyedwa kapena zogonana, ndipo amayi ophedwa okwana 38 mwa 100 alionse akhoza kukhala ophedwa ndi amuna kapena zibwenzi zawo.

Pa za kutha kwa maukwati, Georges Reniers analemba mu 2003 kuti m'midzi ya ku Malawi maukwati amatha kwambiri kuyerekeza ndi maiko ambiri a mu Africa. Anapeza kuti amatha kwambiri ku Balaka, pang'ono ku Rumphi kumene kuli malowolo, ndipo Mchinji ili pakati. Kuchepa kwa maukwati otha sikutanthauza mtendere. Kukhoza kungotanthauza kuti kumeneko kuchoka ndi kovuta.

Zimene anthu amatsutsana

Kuyanjanitsa kapena kuzenga mlandu. Ankhoswe, mafumu ndi mipingo amaona kuti ntchito yawo ndi kumanga banja, ndipo mawu akuti "banja ndi kupirira" amamveka pa chilangizo chilichonse. Mbali yawo ili ndi mfundo: mwamuna akamangidwa mu Febuluwale fodya amaolera m'munda, ana amagona ndi njala, ndipo mkazi yemweyo amakapempha kuti mlandu uthe. Omenyera ufulu amayankha kuti kukhazika pamodzi woopseza ndi woopsezedwa si kukambirana, chifukwa wamantha amavomera chilichonse. Maganizo amene akatswiri ambiri akugwirizana nawo ndi akuti kuyanjanitsa kuli ndi malo ake pa mikangano wamba, koma osati pamene pali chida, kukanyanga pakhosi kapena kuopseza kupha.

Mwambo umateteza kapena umapha. Ena amati chikhalidwe ndicho gwero, ndipo amatchula mawu akale akuti kumenya ndi mankhwala a banja. Ena amati mwambo wa kuchikazi unkateteza mkazi, ndipo choononga ndi kutha mphamvu kwa amalume. Kafukufuku wa Sara Lowes ku Kananga m'dziko la Congo anapeza kuti amayi a mitundu yotsata kuchikazi amakumana ndi nkhanza zocheperako. Chimene chikuoneka ndi chakuti choteteza si dzina la mwambo, koma kukhala ndi malo olima ndi abale pafupi.

Ndalama m'manja mwa mkazi. Ena amati mayi wa banki m'khonde kapena wa geni yake amatha kuchoka msanga, choncho ndi wotetezeka. Ena amaona kuti mwamuna wina amakwiya mkazi akayamba kudziimira. Zonse ziwiri zimachitika. Ku Limpopo m'dziko la South Africa, pulogalamu ya IMAGE inaphatikiza ngongole zing'onozing'ono ndi maphunziro a za jenda, ndipo zotsatira za 2006 zinasonyeza kuti nkhanza zinatsika ndi 55 pa 100 m'zaka ziwiri. Ku Kampala, pulogalamu ya SASA! inagwira ntchito ndi anthu a m'dera lonse, amuna ndi akazi, ndipo kumenya kunatsika pafupifupi ndi theka. Phunziro lake ndi lakuti ndalama zokha sizikwana popanda kusintha maganizo a anthu ozungulira banjalo.

Amuna ozunzidwa. Ena amati nkhani ya nkhanza yakondera amayi. Michael Johnson anathandiza pa mtsutsowu mu 1995 posiyanitsa ndewu imene imabuka pa mkangano, yomwe amuna ndi akazi onse amayamba, ndi nkhanza za ulamuliro, zomwe ambiri ochita ndi amuna. Mwamuna wozunzidwa ali ndi ufulu wofanana pamaso pa lamulo, ndipo chomulepheretsa chachikulu ndi kuopa kusekedwa.

Katundu ndi wa yani. Makhoti akhala akusiyana pa tanthauzo la katundu wa onse awiri. Oweruza ena amafuna umboni woti wodandaula anaikapo ndalama kapena kuti awiriwo anagwirizana zokhala ndi katunduyo limodzi. Ena amayang'ana chilungamo cha moyo wonse wa banjalo. Mu 2020 Woweruza Sylvester Kalembera wa ku High Court anagamula kuti mkazi amene anasamalira banja mwamuna wake akuphunzira ayenera kulipidwa chifukwa cha digiri imene mwamunayo anapeza. Kwa mayi wa ku Santhe kapena ku Chamama, funso ndi lomwelo: kodi kusoka fodya kumawerengedwa ngati kuikapo? Lamulo la 2015 likulozera kuti inde.

Kugwirira m'banja. Lamulo la 2015 limatchula mlanduwu pokhapokha khoti litapatula anthuwo. Koma m'midzi anthu ambiri amapatukana popanda pepala la khoti. Mabungwe a amayi amati ichi ndi chibowo chachikulu, pomwe ena amakana kuti boma lilowerere za kuchipinda.

Mipingo. Mpingo wa Katolika suvomereza kuthetsa ukwati wa sakramenti, koma malamulo ake amalola kupatukana ngati mmodzi akuika moyo wa mnzake kapena wa ana pa ngozi. Kusiyanitsa kupatukana ndi kuthetsa ukwati kungathandize abusa a mipingo inanso kuteteza munthu popanda kuphwanya chiphunzitso chawo.

Zoyenera kuchita

Kwa munthu amene akuganiza zochoka, akatswiri amalangiza kukonzekera mwakachetechete. Asalengeze za kuchoka ali awiriwiri, usiku, kapena wina ataledzera. Auze munthu mmodzi wodalirika, asungitse kwa iye chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana, ndalama ya ulendo ndi zovala zochepa. Pokatenga katundu asapite yekha. Apite ndi ankhoswe, nthumwi ya mfumu kapena wapolisi. Pempho lakuti "tikumane komaliza tikambirane" alikane, kapena akumane pagulu. Ngati n'kotheka, ajambule pa foni mabelo, ziweto ndi mapepala a malonda, chifukwa ku khoti umboni umafunika.

Wovulazidwa apite kuchipatala msanga ndipo asunge lipoti lake. Wogwiriridwa afike pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, komanso akhoza kulandira mankhwala oletsa mimba yosakonzekera. Ku polisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, kuofesi ya DC kuli a zachisamaliro cha anthu, ndipo Legal Aid Bureau imathandiza amene sangakwanitse kulipira loya. Nambala ya 5600 ndi yaulere ya nkhani za nkhanza, ndipo 116 ndi ya ana.

Kwa ankhoswe, mafumu ndi akulu a mpingo, chofunika choyamba ndi kumva mbali iliyonse payokha asanawakhazike pamodzi. Afunse mosazungulira: Kodi anakukanyangapo pakhosi? Anatengapo mpeni kapena chikwanje? Ananenapo kuti akupha kapena adzipha? Amakulondalonda? Anakumenyapo uli woyembekezera? Kodi kumenyako kukuchuluka? Yankho limodzi lokha la inde ndi lokwanira kuti nkhaniyo ichoke pabwalo la ankhoswe ipite kupolisi ndi ku khoti. Kuuza munthu wotero kuti "bwererani mukapirire" ndi kumubweza ku ngozi. Achibale a mwamuna nawo ali ndi ntchito: kukhala naye pafupi m'masabata oyamba, kumuchotsera zida, kumuletsa kulondola mkazi, ndi kumuperekeza kukapeza uphungu.

Pali zinanso zimene zili m'manja mwa boma ndi makampani. Lamulo la Customary Land Act la 2016 limalola kulembetsa malo a makolo m'maina a anthu oposa mmodzi, ndipo limafuna kuti amayi akhale m'makomiti a malo. Mkazi wa chitengwa amene dzina lake lili pa chikalata cha munda sangathamangitsidwe ngati mlendo. Chimodzimodzi, Tobacco Commission, makampani ogula fodya, mabanki ndi makalabu akhoza kulimbikitsa kuti kontirakiti ndi akaunti zikhale m'maina a onse awiri, ndipo uthenga wa pa foni wonena za ndalama zolowa uzifika kwa onse. Zimenezi sizingathetse nsanje kapena mtima wolamulira, koma zimachotsa nkhani ya ndalama pa tsiku lopatukana, ndipo zimapatsa mayi mwayi wosankha nthawi yochoka poyang'ana chitetezo chake, osati poyang'ana tsiku limene msika wa Chinkhoma utsegulidwe.